Kaundula wa Pakhomo, Febuluwale: Zimene Kamzere Kamodzi Katidyera

Pa 1, Loweruka

Zolowa: malipiro, K280,000. Zopezeka m'thumba la jekete pochapa, K1,350. Mayi akunyumba akuti zimenezi n'za wochapa. Ine ndati jekete lili ndi mwini wake. Mlandu sunathe, koma pakadali pano zalembedwa ngati zolowa. Zonse pamodzi K281,350.

Lendi, K80,000. Alandilodi anagogoda tambala wachiwiri asanalire. Zatsala K201,350.

Ngongole ya kugolosale ya Januwale, K38,000. Mwini golosale wadula dzina langa m'kope lake, kenaka walilembanso patsamba latsopano kuti asadzavutike pakati pa mwezi. Zatsala K163,350.

Chimanga, thumba limodzi, K70,000. Pathumba palembedwa 50 kg. Pasikelo ya amayi ogulitsa nyemba apaneba lalemera 46. Wogulitsa akuti chimanga chimauma m'njira. Kuchokera kumsika kufika kuno si patali, ndipo tsiku lonse kunali mitambo. Kabaza K1,500, chigayo K3,500. Zatsala K88,350.

Makala K18,000, mayuniti a magetsi K10,000, madzi K6,000. Zatsala K54,350, ndipo dzuwa la pa 1 silinalowe.

Pa 2, Lamulungu

Chopereka, K2,000. Zatsala K52,350.

Pa 3

Shuga K3,500, mafuta ophikira K7,000, mchere K800, sopo K2,400. Nyemba ndi usipa K9,000. Zatsala K29,650.

Pa 4

Funso limodzi, K0.

Mwana wachiwiri, wa Sitandade 5, wasuzumira m'buku lino n'kunena kuti, "Ababa, kamzere kamene mumalemba kutsogolo kwa lendika dzina lake n'chiyani? Aphunzitsi ati tikafunse kunyumba." Ndamuuza kuti ndi kuchotsera. Iye wati, "Nanga ena amati mayinasi bwanji? Anakayambitsa ndani?" Ine ntchito yanga n'kuwerenga katundu wolowa ndi wotuluka m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo kamzereko ndimakalemba kuyambira m'mawa mpaka poweruka, koma pantchito sitifunsana kwawo kwa zizindikiro. Ndamuuza kuti adye kaye. Mayi akunyumba ati, "Muyankheni mwanayu, bambo, funso silidya ndalama." Mawu amenewa ndawalemba pano kuti adzakhale umboni.

Pa 5

Bandulo ya intaneti, K2,000. Zatsala K27,650.

Zomwe tapeza pa ndalama imeneyi ndi izi. Minus ndi mawu a Chilatini, chinenero cha Aroma akale, ndipo amatanthauza "chochepa". Mawuwo payekha salamula munthu kuti achotse kanthu. Amangodandaula kuti apa pachepa. Nambala yapamwamba pa samu, ija ikuchotsedwapo inzake, m'Chilatini ndi minuendus, kutanthauza "chimene chiyenera kuchepetsedwa". Pakhomo pano amenewo ndi malipiro anga. Yapansi ndi subtrahendus, "chimene chiyenera kuchotsedwa", ndiye alandilodi ndi anzawo. Angerezi mawu awiriwa anangowadula michira n'kumawagwiritsa ntchito mpaka lero. Lachiwirilo linapangidwa ndi sub, pansi, ndi trahere, kukoka, komwenso kunachokera dzina la thirakitala. Ndiye kuti kuchotsera kwa eni mawuwo n'kusolola chinthu chapansipansi, monga amachitira khoswe pathumba la chimanga: pamwamba pali podzaza, kunsi kwatha kale.

Chilatini chadya theka la bandulo. Theka linalo mwana woyamba waonera zigoli za mpira wa ku England.

Pa 6

Magetsi athima, ngakhale mayuniti alipo. Kandulo, K600. Zatsala K27,050.

Ndi kandulo imeneyi tawerenga zomwe ndinasunga pafoni dzulo. Ku Egypt, cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera buku la masamu pa gumbwa. Gumbwayo anadzagulidwa ku Luxor mu 1858 ndi Henry Rhind wa ku Scotland, ndipo lero mbali yake yaikulu ili ku British Museum ku London. Pa samu ina Ahmes anajambula miyendo iwiri ikuyenda. Ikaloza mbali imodzi, n'kuwonkhetsa. Ikaloza mbali inayo, n'kuchotsera.

Tili m'kati mowerenga kwabwera alamu kudzationa. Pochoka miyendo yawo yaloza kumsewu, pamodzi ndi theka la paketi ya shuga, lomwe akuti abweza Lolemba. Sananene Lolemba la mwezi uti. K1,750, yosakhudza zotsala chifukwa shugayo anali wolipiridwa kale. Yalembedwa kumapeto kwa buku, patsamba la zinthu zoyenda zokha.

Pa 8, Loweruka

Fanta ziwiri ndi mabanzi, K3,200. Zatsala K23,850.

Izi zapita kwa aphunzitsi opuma a kuseri kwa tchalitchi, amene anaphunzitsa masamu ku sekondale mpaka imvi. Munthu wamkulu ngati ameneyo supita kukamufunsa nzeru chimanjamanja. Atamva funso anaseka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi buku lachikale lopanda chikuto. Anati, "A kalaliki, kamzere kameneka ndi mnzanu wa ntchito. Sikanabadwire m'kalasi ayi, kanabadwira pasikelo."

Nkhani yake ndi iyi. Johannes Widmann, wobadwira ku Eger, tauni yomwe lero imatchedwa Cheb m'dziko la Czechia, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Leipzig ku Germany. Mu 1489 anatulutsa buku la masamu a anthu amalonda, lolembedwa m'Chijeremani. Limenelo ndilo buku loyamba losindikizidwa momwe muli zizindikiro ziwiri zija, + ndi −. M'menemo muli samu ya munthu wogula migolo 13 ya nkhuyu zouma. Muyeso wawo waukulu unali zentner, wolemera mapaundi 100. Migoloyo sinali yolemera mofanana, ndiye pa mgolo wina analemba 4 + 5, pa wina 4 − 17.

Apa mwana anadumpha: "Agogo, 4 sangachotse 17!" Aphunzitsi anati palibe amene akuchotsa 17 pa 4. Mgolowo unayenera kukhala wa mazentner anayi, koma waperewera ndi mapaundi 17, ndiye kuti uli ndi mapaundi 383. Winawo wapitirira ndi mapaundi asanu. Kamzereko sikakuuza wowerenga kuti achite samu. Kakungochitira umboni kuti mgolo uwu ndi wosakwana. Atawonkhetsa zodzaza ndi zopitirira, Widmann anapeza mapaundi 4,539. Zoperewera zonse zinakwana 75. Anachotsanso mapaundi 24 pa mgolo uliwonse, popeza amenewo ndi matabwa, si nkhuyu, ndiye 312. Wogula analipira mapaundi 4,152 basi.

Ndafika kunyumba n'kutsegula tsamba la pa 1. Pambali pa chimanga ndalembapo 50 − 4, monga akanalembera Widmann. Pa K1,400 pa kilo, makilo anayiwo ndi K5,600. Mjeremani wa mu 1489 ankakana kulipira thabwa. Ine ndalipira thumba, chingwe chomangira, ndi makilo anayi omwe anauma m'njira.

Za maonekedwe a kamzereko aphunzitsi ati akatswiri amagawikana. Ku Italy ndi ku France ankalemba chilembo m chokhala ndi kamzere pamwamba, kufupikitsa mawu oti zochepa aja. Anatero Nicolas Chuquet ku Lyon mu 1484, anateronso Luca Pacioli, wansembe wa gulu la Franciscan, m'buku lake lalikulu lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, lija linafalitsa kalembedwe ka mabuku a ndalama ka mbali ziwiri komwe akubanki amatsatabe. Ena amati alembi aliwiro anataya m n'kusunga kamzere kokha. Ena amati kanali kale kachizindikiro ka amalonda kolembera katundu wosakwana. Ine ndili kumbali ya amalonda. Aliyense amene anaimapo pakhomo la lole akutsitsa matumba, mvula ikubwera, dalaivala akuliza hutala, akudziwa kuti dzanja silingalembe chilembo chathunthu. Umangokhwatcha.

Fanta imodzi aphunzitsi amwa. Inayo aisunga, ati ya agogo aakazi. Buku atibwereka.

Pa 9, Lamulungu

Chopereka, K1,000. Zatsala K22,850.

Pa 11

Ndiwo K6,000. Kumata tayala la njinga K1,000. Zatsala K15,850.

Pa 12

Bolopeni yofiira, K500. Zatsala K15,350.

Ndagula kuti ndizilembera zoperewera monga amachitira akawunti a kuntchito, chifukwa zikuoneka kuti tikulowera komweko. Madzulo mwana wapeza m'buku la aphunzitsi kuti ku China zinali zosemphana. Kumeneko, zaka zoposa 1,700 zapitazo, ankawerengera ndi timitengo toyala pathabwa. Liu Hui, pofotokozera buku lakale la masamu lotchedwa Jiuzhang Suanshu m'chaka cha 263, ananena kuti timitengo tofiira n'ta zomwe zilipo, takuda n'ta zoperewera. Analibe kamzere, mtundu wa kamtengo ndiwo unkanena zonse. Mayi akunyumba ati ngati zili choncho, kuyambira pa 20 buku lathu lizioneka lolemera kwambiri kwa anthu a ku China, ndipo tingachite bwino kukawasonyeza.

Pa 14

Chipepeso kumaliro a apaneba, K5,000. Iyi sikambidwa. Zatsala K10,350.

Pobwera kumanda wina anafunsa chifukwa chake masiku ano chipepeso cha K2,000 chikuchititsa manyazi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Pepala la malipiro linabwerabe ndi nambala yomweyo, popanda kamzere paliponse. Kuchotsera kwa mtundu umenewu kulibe malo m'buku lino, ndiye ndangokutchula.

Pa 15, Loweruka

Bandulo yachiwiri, K2,000. Zatsala K8,350.

Mwana wafunsa kuti kamzereko kanachoka bwanji ku Germany kufika m'makope a Chingerezi, momwe ife tinakatengera. Yankho ndi Robert Recorde, dokotala wa ku Tenby ku Wales. Mu 1557 anatulutsa buku lotchedwa The Whetstone of Witte, lomwe linadziwitsa owerenga Chingerezi za + ndi −. M'buku lomwelo anayambitsa chizindikiro cha =, timizere tiwiri togona, atatopa ndi kulemba mobwerezabwereza kuti ichi n'chofanana ndi icho. Munthuyu ndalama ankazidziwa, anayang'anirapo nyumba yosulira makobidi a boma ku Bristol. Koma anakangana ndi munthu wamphamvu, Earl of Pembroke, amene anamusumira kuti wamuipitsira mbiri. Khoti linagamula kuti Recorde alipire mapaundi 1,000. Sanalipire. Anamwalira mu 1558 m'ndende ya King's Bench ku Southwark, patangotha chaka chimodzi bukulo litatuluka.

Mayi akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Ndiye bamboyo anayambira pati? Nayenso anayamba ndi kugula bandulo?"

Pa 16, Lamulungu

Chopereka, K500, chopindidwa kanayi. Zatsala K7,850.

Pa 18

Mwana wachitatu watentha thupi usiku. Kabaza wopita ndi wobwera kuchipatala, ndi mankhwala ochepetsa ululu, K4,500. Ali bwino. Zatsala K3,350.

Pa 19

Masamba, tomato ndi anyezi, K3,000. Zatsala K350.

Pa 20

Sopo ndi mafuta oyeza, K5,200, kugolosale. Ndapereka K350, zinazo alemba patsamba lomwe anakonzeratu lija.

Ndamupatsa mwana bolopeni yofiira kuti alembe zotsala. Wayang'ana kwa nthawi n'kunena kuti, "Ababa, sizitheka. Simungachotse 5,200 pa 350." Ndamuuza kuti mwini golosale wachotsa, ndipo sanavutike. Zatsala −K4,850.

Mwanayu ali ndi anzake ambiri otchuka. Diophantus wa ku Alexandria, atakumana ndi samu yomwe yankho lake limatsikira kunsi kwa ziro, anaitcha yopanda nzeru. Michael Stifel wa ku Germany, m'buku lake la 1544, nambala zoterezi ankazigwiritsa ntchito koma n'kumazitchabe zopanda pake. Stifel yemweyu anali m'busa, ndipo ndi amene anawerengetsera kuti dziko litha pa 19 Okutobala 1533, nthawi ya 8 koloko m'mawa. Akhristu ake ena anasiya ntchito n'kumwaza chuma chawo, ndipo 9 koloko inakwana. Mpaka mu 1758 Francis Maseres wa ku England anali kulembabe kuti nambala zoperewera zimangodetsa masamu. Ndikuona ngati anthu onsewa analibe dzina m'kope la golosale.

Amene ankadziwa moyo ndi Brahmagupta wa ku India, wa m'tauni ya Bhillamala, lero Bhinmal ku Rajasthan. Mu 628, zaka 861 Widmann asanasindikize nkhuyu zake, analemba malamulo a nambala zimenezi ndipo sanazipatse maina achilendo. Zomwe zilipo anazitcha chuma, zoperewera anazitcha ngongole. Ngongole kuwonjezera ngongole, ngongole. Chuma chochepa kuchotsapo chachikulu, ngongole. Ngongole ukaichotsa pa ziro, imasanduka chuma. Mwana anamva zonsezi kamodzi kokha. Aphunzitsi a masamu amene amatuluka thukuta pofotokoza nambala zokhala ndi kamzere kutsogolo angoyamba ndi kope la kugolosale, chifukwa mwana aliyense m'dera lino anatumidwapo kukanena kuti, "Akuti mulembe."

Pa 22, Loweruka

Banki m'khonde ya amayi: tatenga K30,000, tidzabweza K36,000. Chiwongoladzanja K6,000. Zatsala −K10,850.

Pa ndalamayo: makala theka la thumba K9,000, mayuniti K5,000, ndiwo K8,000, chitukuko cha sukulu K3,000. M'manja muli K5,000. Pabuku zatsala −K35,850.

Madzulo mwana amachita samu ya 52 kuchotsa 17, akuyankhula yekha monga amaphunzitsidwira: "Thu sangachotse seveni, tibwereka wani kwa faifi." Wadula 5 n'kulemba 4, 2 wasanduka 12, yankho 35. Ndadikira kuti ndione pomwe abwezere wani uja. Sanabweze. Chiwongoladzanja palibe, msonkhano palibe, amayi a komiti obwera kudzanyamula mapoto palibe. Faifi wangokhala chete n'kukhala folo mpaka kalekale.

Buku la aphunzitsi likuti pali njira ina, yomwe inaphunzitsidwa kwa zaka zambiri m'masukulu a ku Britain, momwe wobwereka amabweza. Umatenga khumi n'kumupatsa 2, kenaka umabweza powonjezera 1 pa nambala yapansi ya mzere wotsatira. 1 wa pa 17 uja amakhala 2, ndiye 5 kuchotsa 2, yankho n'lomwelo, 35. Kungoti wobwezeredwayo si amene anabwereketsa. Njira zonse ziwiri n'zolondola pa masamu. Kunena zoona, pa samuyi palibe kubwereka kulikonse: 52 ndi makumi asanu ndi ziwiri, ndipo ukumasula khumi limodzi ngati munthu wosintha K1,000 kuti apeze tchenje. Ndalama ndi yako yomwe. Koma mawu oti kubwereka anakhazikika, ndipo ana akukula akudziwa kuti munthu akhoza kubwereka kwa neba osabweza, n'kuchongeredwa ndi bolopeni yofiira kuti wakhoza. Alamu anakhoza masamu bwino kusukulu.

Pa 23, Lamulungu

Chopereka, K0. Ndaimba mokweza.

Pa 26

Shuga K3,500, buledi K2,500, zolembetsa. Kugolosale tsopano ndi K10,850. Zatsala −K41,850.

Brahmagupta ali ndi lamulo linanso, lomwe ana a sekondale amaloweza mpaka lero: ngongole kuchulukitsa ndi ngongole, yankho ndi chuma. Ndapempha mwini golosale kuti tichulukitse K10,850 yake ndi K36,000 ya banki m'khonde, zomwe zikupereka K390,600,000, ndipo tigawane. Wati iye sukulu analekezera Sitandade 8 ndipo akufuna yake yokha pa 1.

Pa 27

Ndiwo, K4,000. M'manja muli K1,000. Zatsala −K45,850.

Mwana wabwera ndi zotsatira. Aphunzitsi ake anafunsa kalasi dzina la chizindikiro chija. Iye anaimirira n'kuyamba ndi Aroma, napitirira ku miyendo ya ku Egypt, ndipo atafika pa mgolo wachiwiri wa nkhuyu anauzidwa kuti akhale pansi. Yankho lomwe limafunika linali "kuchotsera". Limenelo ndinalipereka pa 4, pa mtengo wa K0.

Zomwe funsoli ladya: mabandulo awiri K4,000, kandulo K600, Fanta ndi mabanzi K3,200, bolopeni K500. Zonse K8,300, pafupifupi makilo asanu ndi limodzi a chimanga, kuposa omwe anauma m'njira. Ndawasonyeza mayi akunyumba mawu awo a pa 4. Ati iwo ankanena funso, sankanena yankho, ndipo K1,350 ya m'jekete akuifunabe.

Pa 28

Kutseka buku. Ngongole: golosale K10,850, banki m'khonde K36,000, zonse K46,850. M'manja K1,000. Zatsala −K45,850. Tsamba la zinthu zoyenda zokha: shuga wa alamu K1,750, chimanga K5,600. Ngati mlandu wa jekete ungagamulidwe mokomera wochapa, kamzere kadzakhala kutsogolo kwa K47,200.

Mwana wapeza m'buku lija kuti chizindikiro chogawira, kamzere kokhala ndi kadontho pamwamba ndi pansi, nachonso kale chinkaimira kuchotsera ku Germany ndi kumaiko a Scandinavia, ndipo amene anachigwiritsa ntchito pogawa ndi Johann Rahn wa ku Zurich mu 1659. Akufuna kudziwa chifukwa chake. Funso limeneli laimitsidwa mpaka amayi a banki m'khonde atalipidwa. Buku la aphunzitsi libwezedwe mawa m'mawa, ndipo wokapereka apite chimanjamanja.